Timiyala Titatu Pamfundo

Mfundo ija ndinaimasula ndi mano, chifukwa amayi anaimanga kolimba. Inali pansonga ya chitenje chawo chobiriwira, chimene anachisiya pamwala iwo akusamba kuseri kwa nyumba. Munali maswiti atatu ofiira, okutidwa m'timapepala tonyezimira. Ndinawaika m'thumba la kabudula. M'malo mwake ndinaikamo timiyala titatu, n'kumanganso.

Ndinali ndi zaka khumi, kwathu pachilumba, ku Yofu. Chinali chilimwe, mango asanapse, miyala ikuwotcha kumapazi. Chaka chimenecho amayi anaonda, ankamwa madzi osakhuta, ndipo anthu anayamba kunong'ona za matenda ena aja. Kuchipatala ku Chipyela anapeza kuti ndi shuga. Anawapatsa jakisoni woti azidzibaya pantchafu m'mawa uliwonse. Kabotolo ka mankhwala kankakhala mumtsuko wa mchenga wonyowa, pansi pa bedi. Kunyowetsa mchengawo inali ntchito yanga.

Ntchito yachiwiri anandipatsa ndi amalume, mlongo wawo wa amayi, popeza abambo anali atamwalira kale. Ananyamula chitini chathu cha shuga kupita nacho kwawo. Potuluka anandigwira paphewa. "Mwamuna panyumba pano ndiwe. Shuga ndiye akupha amako. Ukaona chotsekemera m'manja mwawo, landa."

Amalume sananame. Ankadziwa theka la nkhani. Ine theka lomwelo ndinaligwira ndi manja awiri.

Nditatenga maswiti aja, tsiku lotsatira linali lofika sitima yapamadzi. Amayi anakonza dengu la usipa wouma kuti akagulitse ku Chipyela. Anadzibaya monga mwa masiku onse. Panali chinangwa chophika chotsala dzulo, zidutswa ziwiri. Analuma pang'ono, china chonse anandikankhira.

"Idya iwe. Ine ndikadya tikagulitsa."

Ndinadya.

Tili pakati pa njira, pamene pali mlambe waukulu pakati pa miyala, amayi anatula dengu. Thukuta linali litanyowetsa bulauzi yonse, koma mkono wawo unali wozizira ngati nsomba. Manja ankanjenjemera. Anakhala pansi n'kuyamba kulimbana ndi mfundo ija. Zala zinawakanika. Anailuma ndi mano monga ndinachitira ine.

Timiyala tinagwera pamiyendo pawo.

Anayang'ana timiyalato nthawi yaitali. Kenako anayang'ana ine. Sanakalipe.

"Mwanangu, ali kuti?"

"Ndinataya."

Anali m'thumba mwanga. Ndinkawamva atafewa ndi kutentha, atamatirira pantchafu.

"Kamodzi kokha," anatero. Lilime linali litalemera, mawu akutuluka ngati a munthu woledzera. Ndinali nditaonapo zidakwa zikupempha kachasu ndi mawu omwewo. Ndinaganiza kuti si amayi akulankhula, ndi matenda. Ndinalimba mtima. Kunena zoona, ndinadziona ngati mwamuna.

Anagona chammbali. Ndinawakupiza ndi lichero limene linavundikira dengu. Ndinati apume kaye. Ntchentche zinadzaza pausipa, ine n'kumaziingitsa. Mthunzi wa mlambe unasuntha mpaka dzuwa linawafika kumapazi. Pamenepo m'pamene ndinawagwedeza, osadzuka. Ndinathamanga kukaitana anthu. Nthawi imeneyo mafoni a m'manja anali asanafike pachilumba. Azibambo awiri ochokera ku Mbungo anawanyamula pachitenje chomwecho mpaka kuchipatala.

Sanatsegulenso maso. Anamwalira mawa lake.

Zamaliro ndimakumbukira zochepa. Azimayi a kutchalitchi anaimba. Wina anandiveka malaya a msuweni wanga, aakulu, koma kabudula ndinakana kusintha. Sindinalire. Anthu ankati mwanayu ngolimba mtima.

Ndakhala msodzi zaka zambiri, sukulu ndinalekezera Sitandade 6. Za m'thupi ndinazimva ndili wamkulu, nanenso atandipeza ndi shuga. Akuchipatala anandiuza kuti m'mimba muli kapamba, amene amatulutsa timadzi tosunga shuga wa m'magazi pamlingo wake. Kapamba akatopa, jakisoni amagwira ntchito m'malo mwake. Koma jakisoni alibe maso. Sadziwa ngati munthu wadya kapena ayi, amangotsitsa. Lero ndikamapita panyanja ndimatenga maswiti. Ana anga ndinawauza chifukwa chake. Zina sindinawauze.

Patapita masiku awiri chiikireni maliro, adokotala amene ankathandiza amayi anabwera kudzapepesa. Anali munthu wa kumtunda, Chichewa chawo chosakanikirana ndi Chitumbuka. Anakhala pakhonde ndi amalume. Ine ndinali pansi, ndikukanda dothi ndi kamtengo.

"Chikundivuta n'chimodzi," anatero adokotala. "Ndinawauza mayiwa kuti asamayende opanda maswiti. Shuga anatsika kwambiri. Switi imodzi ikanawadzutsa."

"Switi?" anafunsa amalume. "Kwa munthu wa shuga?"

"Eya, bambo. Switi."

Amalume anayamba kusisita bondo.

Ine sindinamvetse. Chinthu chimodzi chingaphe bwanji munthu, chomwecho n'kumudzutsanso? Ndinaganiza kuti adokotala asokoneza Chichewa. Ndinafuna kutulutsa maswiti aja ndiwaonetse kuti ntchito yanga ndinaigwira, amayi sanalawe ngakhale imodzi. Ndinapisa dzanja m'thumba. Anali atasungunuka n'kukhala chibulumwa chimodzi, nyerere zili yakaliyakali.

Amalume anatembenuka.

"Iwe unali nawo panjira. Amako anali nawo maswitiwo?"

Nkhope imene anandiyang'ana nayo sindinaionepo n'kale lonse. Sinali yaukali. Inali ngati akundipempha kanthu.

Ndinaimirira, dzanja lili m'thumba momwemo. Ndinadutsa pamwala paja, ndinadutsa munda wa chinangwa. Amalume anaitana dzina langa kamodzi. Sanaitanenso.