Mkamwini Wanga ndi Thumba la Mchenga

Mkamwini wanga amanyamula katundu pamsika. Anzake amamutchula kuti Phewa, ndipo mwana wanga, amene ndinamuphunzitsa mpaka kukoleji, nayenso amamuitana choncho. Ukwatiwo ndinaukana, ndipo zifukwa zanga ndikadali nazo. Wilibala yanga anabwereka chaka chimene anakwatira, mpaka lero sinabwere.

Koma pali chinthu china mwa munthuyu chimene ndakhala ndikuchiyang'anitsitsa osachimvetsa. Sapirira kuona wina atasenza kanthu iye manja ali lende. Akuti anayamba ali wamng'ono, bambo ake atamwalira, kunyamulira mayi ake madengu a malonda, ndipo sanalekenso. Ukakumana naye panjira, moni asanapereke wakulanda kale chikwama. Tsiku lina anandilanda ambulera kuti andinyamulire mvula ikugwa, ndipo amene ananyowa ndine.

Mwana wake woyamba, mtsikana wongoyamba kumene sukulu, anagwa pampanda n'kuthyoka fupa la ntchafu. Anamugoneka m'chipatala. Mayi a mwanayo anali ndi khanda kumsana, choncho wodikirira wodwala anakhala Phewa, mwamuna yekha pakati pa amayi.

Wodi ya ana ili ndi malamulo ake amene palibe amakuuza, umangowagunda. Wogona ndi mwana ndi mmodzi, enafe mlonda amatitsegulira nthawi yoonera odwala basi. Mabedi achitsulo ali m'mizere iwiri, pansi pa bedi lililonse pali mkeka wopinda, beseni ndi jumbo ya zovala. Madokotala amazungulira m'mawa, kulankhulana okhaokha pamwamba pa mwana ngati amakaniko ozungulira galimoto.

Ine ndinkayembekezera kupeza chikhakha. M'malo mwake ndinapeza mwendo ataukulunga bandeji, chingwe chikuchokera kuphazi kudutsa pa kawilo kumiyendo kwa bedi, ndipo kunsonga kwake kukulendewera thumba la mchenga. Ana ena angapo analinso omangiriridwa chomwecho. Ndinafunsa namwino ntchito ya thumbalo. Anati ndi mmene amachitira, n'kupitirira. Dzina lake ndinaliwerenga pachifuwa ndipo sindinaliiwale.

Chimene chinandidabwitsa n'chakuti ana enawo ankalira ndi kudzipotokola, koma mdzukulu wanga anali phee, akujambula nyumba ndi agalu papepala. Amayi a m'wodimo ankamuseka Phewa.

"Bambo athu a m'wodi, tatigawireniko mankhwala anuwo," anatero mayi wa pabedi loyandikana ndi la mdzukulu wanga. "Kapena mumamuyamwitsa tikapenya kumbali?"

Iye ankangomwetulira, ali khale pa kampando kumiyendo kwa bedi. Amayi onse ankakhala kumutu, pafupi ndi nkhope za ana awo. Nanga uyu ankafuna chiyani kumapazi? Chinanso, ndikalowa sankaimirira n'komwe kudzandilandira jumbo ya zipatso. Munthu wolanda ambulera! Ndinawerengera kuti ndi mwano, ndipo ndinakamuuza mwana wanga zimenezo.

Patapita masiku anamujambulanso mwendo, ndipo dokotala anabwera ndi chithunzicho ine ndili pomwepo. Phewa anaimirira mwaulemu. Dokotala anati zinthu sizili bwino: zidutswa za fupa zapitirirana, ndipo zikalumikizana choncho mwendo udzakhala waufupi, mwana adzatsimphina moyo wake wonse. Anagwira chingwe, anazunguza kawilo, anakweza thumba m'manja. Zonse zinali m'malo mwake. Anapukusa mutu n'kupita kukaitana mkulu wake.

Phewa anakhalanso pa kampando kake. Ndodo yanga inagwa, ndipo nditawerama kuti ndiitole ndinaona. Thumba lija linali litakhazikika pabondo pake, chingwe chitakhwepa.

"Akamwini, bondo limenelo likutani pamenepo?"

"Ndikumupumitsako, bambo. Thumbali n'lolemera kwa mwana. Ine sindilimva n'komwe."

Anandifotokozera mosabisa, ngati munthu wonena zabwino zimene wachita. Anayamba tsiku loyamba, mwana atalira kuti mwendo ukukokedwa. Akafuna kupita kukasamba kapena kugona, ankavundikira beseni pansi pa thumbalo kuti lisalendewere. Madokotala akamabwera, iye ankachotsa beseni kuti asapunthwe, n'kuimirira. Palibe amene anamufunsapo, ndipo iye sanaone choti anene.

Madokotala atabwera ndinawalozera bondolo. Wamkuluyo sanakalipe. Anatulutsa zolembera ziwiri m'thumba la malaya, anazigundanitsa nsonga, n'kunena kuti ilo ndilo fupa. Minofu ya ntchafu ndi yamphamvu, imakoka zidutswazo kuti zipitirirane, ndipo anazitsetsereza zolemberazo kuti tione. Thumba limakoka mobweza, usana ndi usiku, mpaka fupa litagwirana lili pamzere. Kufotokoza konseko kunatha msanga kuposa kumanga chingwe cha nsapato. Ndinamufunsa chifukwa chake mawu ochepa chotero sananenedwe tsiku loyamba. Anabwezera zolembera zija m'thumba la malaya, ndipo funsolo ndikadali nalo.

Phewa anayang'ana manja ake.

"Ndiye kuti ndamupweteka ndine, adokotala?"

"Fupa likadali lofewa, tikhoza kulibweza," anatero dokotala. "Koma thumbali ndi lake. Musamunyamulirenso."

Anawonjezera mchenga, ndipo mdzukulu wanga anayamba kulira ngati anzake. Ndinamumva ndekha akuti, "Adadi, ikani bondo. Pang'ono pokha." Phewa anakhalira manja ake, thukuta lili kamukamu, munthu amene amakweza matumba a simenti akuimba mluzu. Mayi woyandikana naye uja anadzuka, anakoka kampandoko kupita nako kumutu kwa bedi, n'kumuuza kuti akayandikiranso kumapazi amumangirira nayenso chingwe chake.

Ndinkafuna kuona kuti manja amenewo atani, poti kukhala chabe sadziwa. Anawapezera zochita. Anayamba kutungira madzi wodi yonse, kutulutsa mabeseni, kukankha ngolo ya chakudya, kunyamula ana opita kukajambulidwa. Akabwerako ankakhala kumutu, n'kupereka chala kuti mwana afinye ululu ukabwera. Maso ake okha ndiwo ankathawira kuthumba kuja. Jumbo yanga ya zipatso anayambiranso kundilandira ndisanalowe n'komwe pakhomo.

Chithunzi chotsatira chinaonetsa fupa litawongoka. Tsiku lomasula chingwe, dokotala anagoneka miyendo iwiriyo pamodzi, ndipo zidendene zinafanana. Anatiuza kuti kuyenda kudzabwera pang'onopang'ono, tisamuthamangitse. Namwino uja anabwera ndi njinga ya odwala kuti atiperekeze kuchipata. Phewa anaiyang'ana, kenaka anayang'ana dokotala.

"Tsopano ndingamunyamule?"

Dokotala anagwedeza mutu. Phewa anamunyamula mwana wake mosamala ngati thireyi ya mazira, anadutsa naye pakati pa mabedi amayi akumutsanzika ndi nthabwala zawo, n'kutuluka osacheuka.

Mkeka, beseni ndi jumbo ya zovala zinatsalira ine. Ndinazisenza mpaka kusiteji ya basi, nkhalamba yoyendera ndodo, ndipo palibe amene anandilandira.