Dzino la M'chigwembe cha ku Utale

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza kudzera mwa mphunzitsi wanga wa kukoleji, amene anamva kuti ofesi ina ya boma yofufuza zakale ikufuna wothandiza kukumba. Anzanga anaikana chifukwa inali ya kutchire. Ine ndinavomera, ndipo pasanathe mwezi ndinakwera sitima n'kukatsikira ku Utale pamodzi ndi mkulu wa ntchitoyo, a Chikaonda. Inali nthawi ya chipani chimodzi.

Anandipatsa kanyundo, burashi, sefa, tepi yoyezera, galasi lokulitsira zinthu ndi matumba a pepala. Lamulo lawo linali lakuti fupa silichotsedwa pamalo pake lisanayezedwe ndi kujambulidwa m'kope. Anandiphunzitsanso kusiyanitsa fupa lakale ndi mwala poligunditsa kulilime: fupa limamata chifukwa lili ndi timabowo, pomwe mwala sumata. Poyamba zinandinyansa, koma pofika sabata yachiwiri ndinkachita zimenezi osaganizanso.

Tsiku lina a Chikaonda anapita ku Liwonde, n'kundisiya ndekha m'chigwembe chimene madzi a mvula anakumba. Chakum'mawa ndinaona dzino likusuzumira m'dothi. Nditalisesa ndi burashi, linatuluka lalitali ngati chala changa, la ngodya zinayi, ndipo pamwamba pake panali mizere yopindikapindika. Pambali pake panali fupa la mwendo ndi tizidutswa tina tambiri. Ndinagwada n'kuyamba kuyesa tizidutswato ndi lilime, kamodzikamodzi.

Sindinadziwe kuti mitengo yowirira imene inali pamwamba pa chigwembecho inali manda a Asilamu a mudzi wapafupi, malo amene mkazi ngati ine sapondako n'komwe. Amayi opita kukatunga madzi anandiona n'kukanena kumudzi.

Dzuwa lisanafike pamutu, amuna anali atandizungulira, ndipo patsogolo pawo panali tcheyamani wa chipani wa m'deralo. Anafunsa khadi la chipani, ndinawaonetsa. Iwo anati khadi silitsuka ufiti, ndipo andiperekeza kupolisi ku Balaka monga mkazi wofukula ndi kudya maliro. Masiku amenewo, wopita kupolisi ndi kalata ya tcheyamani sankabwerako msanga. Ndinapempha chinthu chimodzi: aitane munthu amene amasambitsa maliro m'mudzimo, popeza iye thupi la munthu amalidziwa kuposa ife tonse.

Anabwera bambo wachikulire, Che Amidu. Ndinaika dzinolo m'dzanja lawo n'kufotokoza kuti dzino lotafunira la munthu ndi lalifupi, la ng'ombe limakhala ndi mizere yonga mwezi watsopano, koma ili ndi la mtundu wa kavalo, mbidzi ndi bulu. Ndinawaonetsanso fupa la mwendo, kuti kumapeto kwake kuli mfundo imodzi yokha, ya nyama ya chiboda chosagawanika. Wina anakatenga chigaza cha bulu amene anafa chilimwe chapitacho, ndipo tinalinganiza manowo. Mizere inafanana, kungoti langa linali lolemera ngati mwala.

Che Amidu analitembenuza kangapo. "Ndasambitsa anthu ambiri," anatero, "ena a mano aakulu ndithu ngati a tcheyamani athuwa, koma mwini wa dzino ili sindinakumane naye."

Ena anaseka chamumtima. Tcheyamani sanaseke. Analoza tizidutswa tija ndi ndodo n'kufunsa ngati nato tinali ta kavalo.

Pamenepa ndi pamene panali povuta kwenikweni. Tizidutswato tinalibe mfundo kapena chizindikiro chilichonse, ndipo madzi akanatha kutikokolola kuchokera kumanda kuja. Kuvomera kukanandimasula nthawi yomweyo, ndipo panalibe wondigwira bodza.

"Iyayi, bambo, timeneti sindikutidziwa," ndinayankha.

Tcheyamani anatulutsa cholembera m'thumba. Koma Che Amidu anayankhula ndi anthuwo m'Chiyao, kenaka anandimasulira: munthu wofuna kubisa mlandu sakanavomera zimenezo, choncho akhulupirira zimene ndanena za dzino. Anatola tizidutswa tonse, anatikulunga m'nsalu yoyera, ndipo amuna anapita kukatikwirira. Ine anandiuza kuti nditenge dzino ndi fupa langa, ndisadzagwadenso pamenepo.

A Chikaonda atabwera sanandiyamikire. "Mwakwiriritsa theka la nyama yathu," anatero. Patapita miyezi, akatswiri anatsimikiza kuti dzinolo linali la nyama yakalekale ya mtundu wa kavalo. Za tizidutswa tija palibe amene adzadziwe.

Ndagwira ntchito imeneyi zaka zoposa makumi atatu, ndipo aliyense amene ndamuphunzitsa ndamuuza zinthu ziwiri. Asanakhudze dothi la eni, ayambe wafunsa kumene amagoneka anthu awo. Ndipo chimene sakuchidziwa anene kuti sakuchidziwa, ngakhale wofunsayo atagwira kale cholembera.