Ningrum Sankatha Kukhala Pansi

Ningrum anabadwira ku Jepara, tauni ya m'mbali mwa nyanja, m'nyumba yonunkha utuchi. Bambo ake, a Darmaji, ankasema maluwa pa mipando, dzuwa mpaka kulowa ali pamalo amodzi. Mtsikanayu sanatengere zimenezo. Ndi mpunga womwe ankadya chiimire.

Ku sekondale yophunzitsa ntchito zamanja, amayi ake anamusankhira zosoka. Sanathe ndi mwezi womwe. Tsiku lina atamva sowo ikulira kuseri kwa khoma, anasiya nsalu pamakina n'kukalowa m'kalasi ya ukalipentala ndi zomangamanga, momwe munali anyamata okhaokha.

"Iwe, wasochera?" anafunsa mphunzitsi wa m'kalasimo, Pak Harjito.

"Ayi aphunzitsi, ndafika."

"Mpango wakowo ukakodwa m'makina tikutola zidutswa!" anakuwa Bagus, mnzake wa m'kalasi.

"Yamba wawongola msomali wapindawo, m'bale wanga," anayankha Ningrum.

Manja anali nawo, koma phuma linamuchulukira. Ankadula asanayeze, ndipo tebulo lake loyamba linkagwedera ngati laledzera. Pak Harjito anamupatsa thabwa limodzi kuti azilipala mpaka lisalale. Analipala misozi ya ukali ikugwera pa thabwapo.

"Kodi umathamangira kuti, mwana iwe?"

"Kaya, aphunzitsi. Ndikangoima mtima umachita phaphapha."

Atamaliza sukulu sanadikire phwando. Anakakhoma madenga ku Semarang, anawoloka nyanja kupita ku Batam, kenako ku Kalimantan. Nyumba ikangofika popaka penti, iye ankakhala atamanga kale katundu.

Chinamubweza kwawo ndi matenda. A Darmaji anafa ziwalo mbali imodzi. Ningrum anagumula khomo, analikulitsa kuti njinga ya odwala izidutsa, anasintha denga, anakonza ndi zosawonongeka zomwe. Zokonza zitatha, anayamba kungozungulira pabwalo.

Pak Harjito, amene anali pafupi kupuma pa ntchito, anabwera kudzazonda wodwalayo.

"Ndikusowa wondithandiza kuphunzitsa ana aja," anauza Ningrum.

"Ine? M'kalasi? Mukufuna ndipenge?"

Anavomera chifukwa cha bambo ake. Makoma a kalasi anamupanikizadi, choncho anayamba kutenga ophunzira kupita nawo ku midzi ya asodzi, kumene madzi amalowa m'nyumba, kukakweza pansi pa nyumbazo ndi mizati yake. Mphunzitsi wamkulu anadandaula, kenako anangomuleka.

Akuphunzitsabe mpaka pano. Akaweruka sapita kunyumba mwachindunji. Amakwera njinga yamoto n'kudzera kudoko, kumene amafunsa amalinyero komwe kukumangidwa nyumba masiku ano.