Woperekeza ndi Woperekezedwa

Zimene ndinataya ndi izi: mkazi wanga. Phokoso la patapata wake pa simenti m'mawa. Munthu wondiwongolera kolala ndisanatuluke. Tiyi wopyola shuga. Apongozi sindinawataye, amabwerabe, koma tikakhala pansi nkhani imatithera msanga.

Ine ndi mkazi wangayo tinadziwana tonse tili ophunzira, mavoti a zipani zambiri atangochitika kumene. Ine ndinkaphunzira zauphunzitsi, ndipo ndinkachita lendi kachipinda ku Area 25 pamodzi ndi mnzanga wa ku Dedza. Iye ankaphunzira kutayipa m'tauni, n'kumakhala ndi azakhali ake kutsidya kwa kadambo, mbali yoyang'ana ku Kanengo. Pakati pathu panali minda, ndipo m'dzinja chimanga chinkatalika kuposa munthu. Anthu ankati m'menemo mumabisala anyamata olanda nsapato ndi mawotchi.

Ophunzirafe tinali ndi malamulo athu obwerera madzulo. Osayenda wekha. Wotchi uzibisa m'sokosi. Ukamva mapazi kumbuyo, uziyankhula mokweza ngati kutsogoloku kuli mnzako. Ine ndinawonjezera langa: ndinkanyamula ambulera ngakhale kumwamba kuli nyenyezi zokhazokha.

"Aphunzitsi," anandifunsa mtsikanayo tsiku lina, "ambulerayo ndi ya mvula kapena ya nkhondo?"

"Ya zonse."

"Ndiye mbava ikabwera muitchingira kuti isanyowe?"

Lamulo loyamba lija ndi limene linkativuta, chifukwa mnzanga wa ku Dedza analibe chokachita kutsidya. Ndinkapita ndekha kukacheza, ndipo pobwerera mwambo unkatigwira. Mlendo sasiyidwa pakhomo, amaperekezedwa. Choncho ndikatsanzika kwa azakhali, iye ankamanga chitenje n'kundiperekeza mpaka pampopi, pamene mindayo inkayambira. Tikafika pamenepo, ine monga mwamuna sindikanalola mtsikana kubwerera yekha mumdima. Ndinkamubweza mpaka pageti.

"Zikomo," ankatero. "Koma tsopano mlendo ndinu, ndipo ine ndinaleredwa bwino."

Tinkanyamukanso.

Azakhali ankationera ali pakhonde, akusenda mbatata ya m'mawa. Tikatulukira kachiwiri ankangoti, "Mwayenda bwanji alendo? Kumene mwachokerako kuli mvula?"

Ndinkaganiza kuti mtsikanayo ankangofuna kucheza nthawi yaitali, ndipo ndinkadzimva. Anandiuza zoona kamodzi kokha, akuyang'ana kumbali. Anati ndikalowa m'chimangamo iye sankachoka pampopi. Ankaima n'kumamvetsera mpaka agalu a kutsidya atayamba kuuwa. Agaluwo ankadana nane, ndipo akauwa ankadziwa kuti ndadutsa. Ndiye kuti masiku onse amene ndinkati ndamusiya pageti ali bwino, ankanditsatira mwakachetechete n'kubwerera yekha.

"Mukanatani akanandigwira?" ndinamufunsa.

"Ndikanakuwa. Inu mukanayamba kuwafotokozera kuipa kwa kuba."

Masiku amenewo abambo a m'dera anali atayamba kulondera okha mosinthana, atanyamula zibonga ndi mawisilo. Madzulo ena, tikubwerera kumpopi, tochi inatiwalira kumaso. Anali abambo angapo, wotsogolera wawo wachikulire, wovala chijasi chofika m'mawondo.

"Imani pomwepo. Takhala tikukuonani. Mwapita, mwabwera, mwapitanso. Mukuwerenga nyumba za anthu?"

"Ayi bambo," ndinatero. "Tikuperekezana."

"Akuperekeza mnzake ndani?"

Ine ndinaloza iye. Iye analoza ine.

Mmodzi wa abambowo anaseka mpaka kutsokomola. Wachikulire uja sanaseke. Anandiunika kuyambira kumutu mpaka kumapazi, tochi n'kuima pa sokosi yotupa.

"Mwendowo watani?"

"Ndi wotchi, bambo."

"Imauza nthawi chidendene?"

Anatiyika pakati ngati akaidi. Tinayamba kukatula iye kwa azakhali, amene anatuluka ndi nyali n'kuthokoza abambowo mwaulemu wonse, osandiyang'ana n'komwe. Kenako anandidutsitsa m'chimanga muja mpaka pakhomo panga. Pondisiya, wachikulire uja anati, "Mwana wanga, ifenso tili ndi mabanja. Pezani ankhoswe, muzilowa khomo limodzi, tipumeko."

Malangizo amenewo ndinawatsatira nditangomaliza maphunziro. Tinapeza nyumba ya zipinda ziwiri ku Area 23, ine ndikuphunzitsa, iye akutayipa pa ofesi ina m'tauni. Alendo athu tinkawaperekeza limodzi n'kubwerera limodzi, ndipo iye ankadandaula kuti ukwati wamuchepetsera maulendo.

Sitinakhalitse. Anayamba kudwala mutu, kenako malungo amene sankamva mankhwala, ndipo anamugoneka m'chipatala. Amayi ake ndiwo ankagona naye. Ine ndinkabwera ndikaweruka, n'kukhala pampando mpaka anamwino atayamba kutulutsa anthu.

Tsiku lomaliza sindinadziwe kuti ndi lomaliza. Ankaoneka wopepukidwa, anamwako ngakhale phala. Ndinazengereza kunyamuka, ndikupinda ndi kupindula kansalu kamene ndinabweretseramo chakudya. Kunja dzuwa linali litapendeka. Anayang'ana pawindo, kenako anayang'ana ine.

"Nyamukani, aphunzitsi, minibasi zingakuthereni. Mukakwere yodzaza, ndipo musagone m'njira."