Mkanda wa marezisita

Mtovu ukasungunuka pansonga ya chitsulo chowotcherera n'kutulutsa kautsi kake koyabwa m'maso, ndimawaona agogo anga aamuna, a Chikaonda, ali pakhonde la nyumba yathu m'komboni ya mgodi ku Bindura, magalasi omanga ndi waya ali pamphuno, chitsulocho atachisomeka m'makala a mbaula, uku makina ophwanya miyala akugunda kumgodi osapuma. Anachoka ku Dedza ali mnyamata, nakalamba akunyamulira zida amisiri a magetsi. Sukulu sanapite nayo patali, koma chimene aona kamodzi chinali chawo basi. Atapuma ntchito, mawailesi odwala ankagonekedwa pakhonde pathu, ena ochokera ku Masembura pa basi atakulungidwa m'nsalu.

Tizipangizo tawo ankatidziwa ngati anthu a m'mudzi mwawo. "Rezisita ndi mlonda wa pachipata," ankatero, "salola magetsi kulowa mokankhana. Kapasita ndi mtsuko, imatunga n'kusunga, ndiye usaigwire mwachibwana ngakhale wailesi itazima. Koilo ndi nkhalamba ngati ine, zosinthasintha sizifuna." Ine Chichewa ndinkangomva, poyankha ndinkayankha m'Chishona, ndipo kunena zoona zonsezo zinkalowera khutu ili n'kutulukira linali. Chimene chinkandikopa chinali chitini cha fodya momwe ankasungiramo marezisita, timizere tofiira, tachikasu, tobiriwira, tokongola kuposa mikanda ya pamsika.

Wailesi yawo inali imodzi yokha m'komboni monse yokoka mawu ochokera ku Malawi. Dzuwa likapendeka ankaitsegula kuti amve mauthenga a maliro. Chaka chimenecho kunabwera kalata yoti mlongo wawo, a Nachisale, yekhayo wotsala wa bere lawo, ali gone. Agogo analibe mapepala owolokera malire. Choncho ankakhala khutu lili pawailesi tsiku ndi tsiku, kudikira dzina limene sankafuna kulimva.

Lolemba lina wailesiyo inangoti zii. Anaifufuza masiku awiri, nsima ikuwazizirira, mpaka Lachitatu masana anapeza rezisita imodzi itapsa, yakuda bii. Anatsegula chitini chija mosadera nkhawa, koma munali makapasita ndi timisomali basi. Anakweza maso, nayang'ana pakhosi panga.

Ine mwana wa zaka zisanu ndi zinayi, wodzimva kukongola, ndinali nditadula timiyendo ta marezisita onse ndi lumo la agogo aakazi, n'kupinda totsalato kuti tikolane. Mkandawo ndinali nditayenda nawo kale ku tchalitchi, anzanga akuusirira.

"Muzukuru, tabwera kuno."

"Ndanga ndichingotamba, sekuru," ndinatero, kuti ndimangosewera, misozi ili kale m'masaya.

Agogo aakazi anatulukira pakhomo chikuni chili m'manja. "Maiwe! Mwana uyu watipha! A Chikaonda, chotsani imodzi m'mawailesi a anthuwa, mudzabwezera."

"Iyayi," anatero agogo aamuna. "Wodwala wa mwini sachotsedwa chiwalo. Ndipo mwanayu musamumenye, manja ake ndikuwafuna."

Zipangizo zatsopano zinkabwera kuchokera ku Harare pakutha pa mwezi, ndipo mwezi unali usanafike n'pakati pomwe. Anandivula mkandawo, nauyala pathebulo. Maso awo sankasiyanitsanso bwino timizere tating'ono chotero, ndiye anandiuza kuti ndiziwawerengera mitundu. "Tikufuna wofiira, wakuda, wofiira. Imeneyo ndi ya zikwi ziwiri." Ndinayenda ndi chala mkanda wonse kawiri. Panalibe.

Koma iwo sanatekeseke. "Nanga wakhofi, wakuda, wofiira?" Imeneyo inalipo, ndipo zinali zitatu. "Basi. Iliyonse ndi ya chikwi chimodzi. Alonda awiri ukawaimika mondondozana, ntchito yawo imaphatikizana. Tenga ziwiri."

Timiyendo ndinali nditatidula kwambiri moti zala zawo zonjenjemera sizikanatha kutigwira. Ndinagwira ndine ndi kachitsulo kopanira, iwo akudontheza mtovu ndi kulumikiza tiwaya. Kadontho kena kanandigwera pachala chachikulu, koma sindinasiye, ndinangoluma mlomo. Pamene amuna a shifiti ya m'mawa ankatuluka kumgodi, agogo anabwezera mabatire. Wailesi inakhosomola, inalira ngati mafuta pamoto, kenako Chichewa cha kwawo chinadzaza khonde.

Tinamva mayina a anthu osawadziwa, a ku Ntcheu, a ku Kasungu. Kenako wowulutsa uja anati uthenga wotsatirawu akuubwereza komaliza: a Nachisale a ku Dedza anamwalira Lolemba, anaikidwa dzulo, ndipo achibale ali ku Zimbabwe adziwe.

Agogo anaimirira, navula chipewa. Ine ndinalira kwambiri, osati chifukwa cha a Nachisale amene sindinawaonepo, koma pozindikira kuti tikanachedwa tsiku limodzi lokha, iwo akanapitiriza kudikira munthu amene ali kale m'manda.

"Leka kulira," anatero, dzanja lawo lili pamutu panga. "Ndamva. Ife a kutali, kumva ndiye kufika pamaliro." Anatuma uthenga m'komboni, ndipo anthu a kwathu anasonkhana pabwalo n'kuyimba nyimbo za maliro ngati mtembo uli m'nyumba.

Lero ndine mmisiri wa magetsi, ndimakonza mainveta a sola m'tauni ya Bindura, ndipo mwamuna wobwera ndi funso loti "abwana ali kuti" ndimamuuza kuti akulankhula nawo. Mitundu ya marezisita ndimaiwerengabe m'Chichewa, chilankhulo chimene ndinkakana kuyankhira. Chipsera cha pachala chilipo. Rezisita yachitatu ija, yopanda miyendo, ili pa ulusi m'bokosi langa la zida, ndipo wailesi ya nkhalamba ikabwera pathebulo langa siigona mpaka mawa, chifukwa sindidziwa dzina limene mwini wake akudikira kumva.