Tenti Itagwa ku Ngokwe

Ntchito yanga ndi yobwereketsa matenti ndi mipando pa maukwati, pa sadaka ndi pamaliro. Ndimakhala pa Balaka. Anthu a ntchito ngati imeneyi tinali ndi gulupu pa foni: eni malole, a zokuzira mawu, okongoletsa, ophika, kuyambira ku Kalembo mpaka ku Nayuchi. Anaiyambitsa ndi bambo wina wa malole, ndipo adimini anali yemweyo. Ankakonda kulemba kuti wina akavutika tonse tizithamangira. Ine ndinkamvera. Mipando yanga yakhalapo pa zochitika za anzanga kosawerengeka.

Mwezi wina wa Okutobala ndinakamanga tenti pa ukwati ku Ngokwe. Ashehe atangomaliza kudalitsa, kamvuluvulu anatulukira kuminda n'kuzula tenti yonse. Chitsulo chimodzi chinagwera mayi wina wachikulire paphewa, azakhali ake a mkwatibwi. Anagwa pansi, dzanja lili lende.

Ndinalemba pa gulupu: "Abale, amene ali pafupi ndi Ngokwe, galimoto chonde. Pali wovulala."

Foni imaonetsatu amene awerenga. Anawerenga ambiri. Woyankha panalibe.

Kenaka panalowa vidiyo. Anajambula ndi wa zokuzira mawu wa pa ukwati womwewo, munthu wa m'gulupu mwathu. Inkaonetsa ine ndikuthamangitsa tenti, chitenje chikumasuka. Pansi pake analemba kuti, "Matenti a pa Balaka amera mapiko." Tinkhope toseka tinayamba kugwa ngati matalala. Mnzanga wina wa matenti, amene ndinamuphunzitsa ndekha kukhoma zikhomo, anawonjezera kuti, "Ofuna tenti yosauluka andipeze."

Wojambulayo anali chiimire pafupi nane, galimoto yake ili pansi pa mtengo wa mango. Ndinamupitira.

"Achimwene, galimoto yanu si iyo? Tithandizeni tiwatengere mayiwa kuchipatala."

"Iyayi asisi, ine ndabwerera nyimbo. Ndikachoka avina chiyani anthuwa?"

Ndikanakhala ndi chitsulo m'manja, kaya. Mayi aja tinawakweza pa njinga yamoto, ine kumbuyo nditawakumbatira, msewu wonse akubuula m'Chiyao. Kuchipatala anati fupa lathyoka.

Mawa lake ndinalemba pa gulupu zonse zimene zinali kukhosi. Ndinafunsa kuti kodi munthu akathyoka fupa, choseketsa n'chiyani? Adimini anayankha msanga, iye amene dzulo lake anali duu.

"Mayi, pano si pokanganirana. Zinali nthabwala chabe. Mupepese."

Ndinakana. Anandichotsa. Vidiyo ija sanaichotse, inayenda mpaka kwa anthu amene anali atandiuza kale za maukwati awo, ena n'kusintha maganizo osandiuza n'komwe.

Za chitsulo chija sindikana, chinali changa, ndipo mayi aja ndimakawaona. Dzanja lawo silikwezekanso bwino, mtsuko amachita kuwasenzetsa adzukulu. Sananditukwanepo. Amangoti mphepo ndi ya Mulungu.

Wa zokuzira mawu uja timakumanabe, poti maukwati ndi omwewa. Mwezi watha ku Kalembo anabwera akumwetulira, akufuna mpando woti aikepo makina ake.

"Yonse ili ndi eni ake," ndinamuuza, mulu wa mipando uli pambali panga.

Anayang'ana muluwo, n'kuyang'ana ine. Makina ake anawaika pa njerwa.