Morofina pa Mphini za Bambo

Bambo anga sanali munthu wobuula. Ng'ombe inawapondapo phazi mpaka chikhadabo kuzuka, iwo anangoti "Ha, iwe!" n'kupitiriza kumanga goli. Ndiye tsiku limene ndinafika kwathu ku Mualadzi n'kuwamva akukuwa ndidakali kumsewu, ndisanatsike n'komwe panjinga, ndinadziwa kuti zinthu zafika poipa.

Ine ndimakhala ku Cassacatiza, ndimagulitsa tomato ndi nthochi kwa oyendetsa makamiyawu, magalimoto akuluakulu a katundu aja, pamalire paja. Ku chipatala chachikulu ku Tete amene anawaperekeza bambo anali amayi ndi mchimwene wanga. Dotolo anati ndi kankuru, amene anzathu a ku Malawi amati khansa, ndipo anali atadya kale fupa la m'chiuno. Za kuchira panalibe. Anawapatsa botolo la mankhwala amadzi, dzina lake morofina, ndi siringa yopanda singano yoyezera akamamwa. Mchimwene anandiuza pa foni kuti mankhwalawo ndi amphamvu, bambo azigona bwino, iye n'kubwerera kuntchito kwake. Ine mtima unakhala m'malo. Chimene tinkapempha tonse chinali chimodzi basi, chakuti munthu wamkuluyu atsirize masiku ake osakuwa.

Ndinawapeza pakhonde, atagonera mbali imodzi, ataluma nsalu. Thukuta linali kamukamu. Ndinawapatsa moni, anangondiyankha ndi maso. Amayi anali atagwada kumbuyo kwawo, botolo lili pambali, chala chawo chikuyenda pachiuno cha bambo. Nditasuzumira ndinaona mphini. Mizere yake inali itandandalika kuchokera m'chiuno mpaka pantchafu, zina zouma, zina za tsiku lomwelo, ndipo amayi ankaviika chala m'mankhwala aja n'kumatikita pamenepo.

"Amayi, mukutani?"

"Sukuona? Ndikuwapatsa mankhwala."

"Amenewa si akumwa?"

"Anamwa tsiku loyamba, anasanza, mutu n'kumawazungulira. Mimba inawakana. Ndiponso m'mimba mwa bambo ako muli bwinobwino, mankhwala apite kumeneko kukatani? Chowawa ndi chiuno."

Musaganize kuti amayi ndi munthu wopepera. Ndi a m'bungwe la amayi kutchalitchi, kuombeza sakufuna n'kumva komwe. Koma mphini kwathu si nkhani ya kuombeza. Mutu ukakuvuta amakutema pachipumi, bondo likatupa amatema pabondo, mankhwala amalowera pamene pali vuto. Inenso ndili nazo zanga m'mbali mwa maso, ndinakula nazo. Amene anabwera ndi lumo anali atsibweni, alongo awo a amayi, odziwa kutema bwino osazamitsa. Onse awiri ankaona kuti akuchita zoposa zimene dotolo ananena, kuwafupikitsira mankhwala njira.

Ine ndili ndi pakamwa, zimenezo amadziwa ndi oyendetsa makamiyawu omwe. Ndinakweza botolo lija kudzuwa, linali litafika pakati. Ndinalusa. Ndinati mwathira mankhwala a munthu pamphasa, nyerere ndiye zikugona tulo tabwino pakhomo pano. Amayi anaimirira n'kumanga nsalu yawo bwinobwino.

"Iwe wabwera lero. Ine munthuyu ndikumutembenuza, ndikumusambitsa, ndikumva kulira kwake kuyambira nthawi yokolola. Usandiphunzitse mwamuna wanga."

Bambo analavula nsalu ija n'kunena motsitsa kuti, "Amayi ako akudziwa. Asiye." Sindikanawatsegula pakamwa mokakamiza ngati mwana wa mbuzi.

M'mawa mwake ndinapalasa njinga kupita ku posto, kachipatala kathu kaja, kukadandaula kwa anamwino. Anali mayi wonenepa wosachedwa kuseka, koma tsiku limenelo sanaseke. Atamaliza mzere wa odwala anakwera njinga yamoto n'kunditsatira. Ndinkafuna kuti akafike n'kuwakalipira amayi, ndisaname. Iwo anafika n'kukhala pansi pamphasa, kupereka moni kwa onse mmodzimmodzi, kuyang'ana mphini zija, kenako n'kutembenukira kwa bambo.

"Bambo, munaphapo mbuzi?"

Bambo, ululu uli apo, anachita ngati atukwanidwa. Mbuzi za pa ukwati uliwonse m'mudzi mwathu ankasenda ndi iwo.

"Ndiye mukudziwa kachingwe koyera kofewa kaja kamene kamakhala m'kati mwa fupa la msana. Inunso muli nako. Timitsempha timene timamva kuwawa m'chiuno mwanumu sitifika kumutu. Timathera m'kachingwe kameneko. Pamenepo timapatsira uthenga kwa tinzake, tinzaketo ndiye timakwera nawo kumutu, inu n'kumva kuti chiuno chikuwawa. Zili ngati anthu akupatsirana njerwa pomanga tchalitchi."

Anati morofina akamwedwa sakhala m'mimba. Amalowa m'magazi, magazi n'kumufikitsa pamalo opatsirana paja. Akafika amagwira kumapeto kwa kamtsempha kochokera m'chiuno kuti kasamatulutse uthenga wambiri, n'kufooketsanso kolandira kaja kuti kasamafulumire kunyamula. Wina amafika mpaka mu ubongo, n'chifukwa chake munthu amayamba waodzera, mwina kusanza, masiku oyamba. Anatinso thupi lili ndi mankhwala akeake ogwira pamalo omwewo, kungoti matenda ngati awa amawaposa mphamvu.

"Ndiye pachiuno pamene mukupakapa, mayi, mankhwala akungouma pakhungu. Kufupa sakufika, kumsana sakufikanso."

Amayi anayang'ana botolo lija nthawi yaitali. Amene anafunsa ndi bambo.

"Nanga chiunocho chipola?"

"Ayi, bambo. Fupa lidwalabe. Koma inu muzimva pang'ono."

"Ndiye ndi mankhwala onamiza mutu."

"Oupumitsa. Mwamva zokwanira."

Bambo anatseka maso, kenako anati, "Bweretsani."

Anamwino sanandipatse ine siringa ija, ngakhale ndinali nditatambasula kale dzanja. Anaipereka kwa amayi. Anawaonetsa mzere woyezera, n'kuwauza kuti asamadikire kuti ululu uyambe wabwera, azipereka nthawi yake ikakwana, ndiponso asamaonjezere paokha. Kusanza anati kudzatha pakapita masiku ochepa. Chosatha ndi kudzimbidwa, ndiye anasiya timapiritsi tofewetsa m'mimba n'kulamula papaya ndi madzi ambiri. Mphini anati zitsukidwe ndi madzi owiritsa othira mchere, zipole, lumo libwerere kwa mwini wake. Ine ntchito yanga inali kutchera foni kuti izilira nthawi ya mankhwala, ndi kuuza mchimwene kuti akwere chapa, kaminibasi kathu kaja, akatenge botolo lina ku Tete lisanathe ili. Amayi anathira mankhwala m'kamwa mwa bambo osataya ngakhale dontho.

Tsiku limenelo anasanzadi. Lotsatira lake kubuula kunayamba kutalikirana. Kenako masana ena, ine ndikutsuka mbale kuseri, ndinangomva amayi akuwa, "Mayo ine! Mayo, andisiya!" Ndinataya mbale. Anthu oyandikana nafe anali atayamba kale kuthamanga, atsibweni akubwera chipewa chili m'manja. Bambo anali gone chagada pakhonde, pakamwa pali yasa, manja ali tambasu. Chagada! Munthu amene miyezi yonseyo sankatha kugonera msana. Amayi anadzigwetsa pambali pawo akulira, azimayi ena n'kuyamba kulandira.

Bambo anatsegula diso limodzi.

"Kodi pakhomo pano munthu sangagone?"

Kunali kuseka kwake! Atsibweni anavala chipewa chawo n'kubwerera osatsanzika. Amayi anakhala pansi akuseka, misozi ikutsikabe, akumenya bambo paphewa pang'onopang'ono n'kumati, "Inu, inu, mwandichititsa manyazi." Bambo anati popeza anthu abwera kale pamaliro awo, awaphikire tiyi. Iwonso anamwa nawo, atatsamira khoma.

Kuyambira pamenepo anali munthu woti n'kucheza naye. Ululu sunathe wonse, makamaka powatembenuza, koma sanalumenso nsalu. Ankakhala pakhonde kuyang'ana anthu akusosa m'minda, kudzudzula mizere yokhota ya mkamwini wa atsibweni. Analandira sakramenti la odwala ali maso, akuyankha okha mapemphero. Ankaonda tikuona, chakudya chikuchepa, tulo tikuchuluka. Amayi anasanduka msilikali wa tulo timeneto. Nkhuku ikayandikira khonde inkaona mwala. Mlendo akafika bambo atagona ankalandiridwa kuseri kwa nkhokwe, n'kuyankhula monong'ona. Ine ndemwe, ndi mawu anga a pamsikawa, ndinathamangitsidwa kangapo.

Mvula yoyamba itagwa ndinapita kukabzala chimanga m'munda mwawo, chifukwa panalibenso wina wobzala. Ndinabwerako dzuwa litapendeka, matope ali m'miyendo. Ndinapeza amayi atakhala pamphasa pambali pa bambo, akuwaingitsira ntchentche ndi kansalu. Atandiona anaika chala pakamwa.

Ndinaika khasu pansi mosaliza. Foni inali italira kale nthawi ya mankhwala, siringa ili m'dzanja la amayi yodzaza. Ndinayang'ana pachifuwa pa bambo, ndinayang'anitsitsa. Kenako ndinagwada n'kugwira phazi lawo. Linali lozizira.

"Amayi," ndinatero.

"Ndikudziwa," anandiyankha monong'ona, kansalu kaja kakuyendabe. "Usaitane anthu msanga. Taona mmene agonera bwino."